Gadiyani wa mwendo wa Fryson

Pakati pa usiku Ndapile anamva chinthu chikugwa kubafa ngati thumba la chimanga. Anayamba wasuzumira kabedi ka Olivia, khanda lake, n'kupeza lili m'tulo. Mwamuna wake Fryson ndiye anali pansi, thukuta lili kamukamu, dzanja pachifuwa. Anaitana ambulansi, kenako anaimbira alamu ake, a Malita.

A Malita ndi mlongo wake wamkulu wa Fryson. Kwawo ku Zomba anasiya sukulu kuti akhale gadiyani wa bambo awo kuchipatala, kugona pansi pa bedi, kuphika, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala. Anateronso kwa mayi awo ndi kwa aneba omwe. Kuno ku Glasgow anafikira ku Sighthill nyumba zosanja za kumeneko zisanagwetsedwe, ndipo pano amasita zofunda pahotela ina ku Partick. Kumpingo munthu akadwala amangoti, "Auzeni a Malita." Iwo amati mwendo wa wodwala ukasiyidwa osasisitidwa umayamba kufa mwini wake ali moyo.

Kuchipatala dokotala anafotokozera Ndapile yekha, a Malita ali pakhonde atabereka Olivia. Mtsempha wa mtima wotsekeka anautsegula, koma mtima unali wofooka, sumatha kukankha magazi. Choncho analowetsa kapampu kowonda ngati pensulo, kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche mwa mwendo wamanja mpaka mumtima, kuti kazipopa magazi masiku angapo mtima ukupezanso mphamvu. Mwendowo usapindidwe, kapampu kangasunthe. Ndapile anagwedeza mutu, koma ndi mantha anaiwala kuuza alamu ake.

Masana ake amayi a kumpingo anatsala ndi mwana, awiriwo n'kulowa m'chipinda cha wodwala. A Malita anali ndi chikwama cha gadiyani: chitenje choyala pansi, mafuta odzola ndi fulasiki ya phala. Namwino Joanna anawauza mwaulemu kuti wodwala wagonekedwa ndi mankhwala, sangadye, ndipo pansi sipagonedwa.

Ndapile maso anali pa manambala a makina, koma pakona ya diso anaona bulangete likuvundukulidwa.

"Phazi lazizira ili," anatero a Malita. Anapaka mafuta m'manja, n'kulowetsa dzanja pansi pa bondo, n'kuyamba kulikweza.

Makina analira. Ndapile, amene chikwatiwire sanawatsutsepo alamu akewo, anawagwira pamkono mwamphamvu.

"Alamu, siyani. Chingwe cha pampu chadutsa mmenemo."

Joanna anathamangira, n'kuwongola mwendo, n'kuyang'ana ngati pabala pakutuluka magazi. Dokotala anaunika pachifuwa, nabwezera kapampu pamalo pake. Kulira kuja kunatha, kung'ung'udza kwa makina n'kubwerera.

Pakhonde a Malita anakhala atafumbata manja awo amafutawo.

"Ndikanamupha mlongo wanga ndi manja angawa."

"Simumadziwa, alamu. Anauza ine ndekha."

"Nanga ine ndine ndani kuno, amake Olivia? Phala ayi, kusisita ayi, kugona ayi. Gadiyani wake akhale makinawo?"

Joanna atatuluka sanakalipe. Anati mawa ayamba kuchepetsa mankhwala ogonetsa kuti aone ngati mtima ungayambe kudzithandiza. Odwala ambiri amadzuka osokonezeka, n'kumaphupha. Akalimbana kwambiri amawagonekanso, ndipo zonse zimachedwa. Mawu a munthu womudziwa amathandiza.

A Malita anaseka pang'ono, koyamba tsikulo.

"Ameneyu? Tili ana timagona mphasa imodzi. Amamenya mateche usiku wonse ngati ali pabwalo la mpira. Simunaonepo inu?"

"Mpaka pano," anatero Ndapile. "Ndimagona kumphepete."

"Ndimamugwira pakakolo, n'kumutchula dzina, basi amakhala phee."

A Malita anafunsa Joanna ngati kugwira pakakolo, osakweza, osasisita, n'kololedwa. Joanna anati inde, nthawi yoona odwala, atasamba m'manja. A Malita anamupempha kuti awaonetse pogwira penipeni, ndipo Joanna anawaonetsa pa mwendo wake womwe.

Pamenepo a Malita anapatsa Ndapile fulasiki ija. "Imwani ndinu, mukuyamwitsa. Pitani kwa mwana." Anatulutsa foni kuti auze akuhotela kuti zofunda asite wina sabata ino. Mawa akhala kumiyendo kwa bedi, dzanja pakakolo, kufikira tsiku lochotsa kapampuko.