Pilato, Apongozi Ake ndi Galasi la Lole

Pilato Namakhwa anali dalaivala wa lole pa esiteti ina ya tiyi m'munsi mwa phiri la Mulanje, cha kumbali yolowera ku Muloza. Makolo ake adachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, iye ali kumsana. Ntchito adayamba ngati anzake onse, dengu kumbuyo, kuthyola masamba. Kenaka adamutengera ku galaja kuti azitsuka magalimoto, ndipo kumeneko adaphunzira poonerera mpaka adampatsa chiwongolero. Za chaka chenicheni anthu amatsutsana, koma ambiri amati kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950.

Mbiri yake idabuka chifukwa choumira petulo. Akafika pamtsetse ankazimitsa injini, lole n'kumatsika yokha mwakachetechete, moti nkhuku zinkadzidzimuka itazifika kale. Madalaivala anzake ankamunyogodola kuti iye sayendetsa lole koma ngolo. Pilato ankangoseka, podziwa kuti sadagonepo pamsewu chifukwa chouma thanki.

Analinso pankhondo ndi galasi. Amene adakhalako ku Mulanje amachidziwa chiperoni: mvula yowaza, kuzizira kolowa m'mafupa, ndi chifunga chotsika m'phiri. Masiku otere galasi lakutsogolo limachita nthunzi mkati chifukwa cha mpweya wa anthu ndi zovala zonyowa. Pilato adapinda lata n'kupanga kapayipi kochokera pa injini kudzatulukira m'munsi mwa galasi. Injini ikamalira, kapayipi kankabweretsa mpweya wotentha, galasi n'kuyera. Koma tinene mwachilungamo kuti nzeru zake ziwirizi sizinkamvana. Akazimitsa injini kuti apulumutse petulo, kapayipi kankazizira, galasi n'kuchita khungu. Zikatero chotsala chinali kutsegula mawindo onse awiri kuti mphepo izidutsa, n'kupirira.

Pilato adakwatira Emma, mtsikana wa m'mudzi wa kumtunda kwa esiteti, ndipo adakamanga komweko, kuchikamwini. Apongozi ake, mayi a Emma, anali asanalankhule naye maso ndi maso n'kamodzi komwe. Sikuti panali chidani ayi. Umenewo ndiwo unali ulemu. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'chinangwa. Uthenga uliwonse unkadzera mwa Emma.

Lamulungu lina m'mawa, m'mwezi wa June, chiperoni chili pachimake, amayi a m'mudzi adatuluka m'nyumba momwe munali Emma n'kunena kuti zawakanika. Emma anali ndi pakati poyamba, matenda anali atayamba dzulo lake, ndipo mwana sadagone bwino. Kunafunika kuchipatala cha mishoni. Bwana wa esiteti adalola lole, koma wosunga kiyi wa nyumba ya petulo anali atapita ku Muloza. Pilato adapisa kamtengo m'thanki, n'kupeza kuti kanyowa kunsonga kokha. Ameneyo anali petulo wofikitsa kuchipatala pokhapokha akazimitsa injini pamtsetse uliwonse.

Kumbuyo kwa lole kunalibe denga, choncho adamukhazika Emma kutsogolo, pakati. Apongozi adakwera nawo n'kukhala kuchitseko, nkhope atalozetsa kunja. Adatseka windo, mpata wotsala n'kutsekapo ndi nsonga ya bulangete. Pilato adayang'ana msewu wokha, khosi lili gwa.

Chitunda choyamba adakwera bwino, kapayipi kakugwira ntchito yake. Atafika pamwamba adazimitsa injini. Sipadatenge nthawi, nthunzi idayamba m'mbali mwa galasi n'kumabwera pakati. Adatsegula windo lakwake, koma mphepo idasowa kotulukira. Adapukuta ndi mkono wa jekete, koma msewu unali woterera ndi wokhotakhota, wofuna manja onse awiri. Kumunsi kwa mtsetsewo kunali mlatho wa matabwa wopanda zotchinga m'mbali.

“Emma,” adatero motsitsa mawu, “uwauze amayi atsegule windo.”

Emma anali ataluma bulangete, maso ali chitsinzinire.

“Iwe Emma,” adatero apongozi, akuyang'anabe kunja, “uwauze amuna ako atseke kwawoko. Akufuna mphepo ikumalize?”

Wopereka uthenga panalibe. Pilato adaponda mabuleki, lole n'kuima pakati pa mtsetse. Kuliza injini kunali kosavuta, koma petulo akadawathera pakati pa minda ya tiyi, pa Lamulungu, pomwe sipadutsa galimoto. Kulankhula ndi apongozi nakonso pakamwa pake padakana. Tsono lole ija inali ndi dzina lomwe ankainyengerera nalo ikamavuta kulira m'mawa: Namalopa. Adaisisita pachiwongolero.

“Namalopa, muno muli anthu aulemu amene ine sindingawalankhule. Kawauze kuti dalaivala wako sakuona. Kumunsiku kuli mlatho. Ndikaliza injini galasi liyera, koma sitifika. Windo likatseguka tizizidwa, koma tifika.”

Kenaka apongozi adakhosomola.

“Iwe chigalimoto, kawauze kuti mwana wanga ali thukuta lokhalokha. Mphepo ikamulowa, adzayankha ndani, iweyo?”

“Namalopa, kawauze kuti jekete langa nali.”

Adalivula n'kumufunditsa Emma mpaka kumutu, iye n'kutsala ndi shati. Apongozi adazula bulangete pampata paja, natsitsa windo mpaka pakati.

“Kawauze kuti ndatsegula. Ngati maso awo ndi aulesi, asanamizirenso windo.”

Mphepo idalowa yoluma ngati linthumbu. Galasi lidayamba kuyera, koma pang'onopang'ono, pakuti mabulangete anali onyowa ndipo anthu atatu ankapuma mwamantha. Emma adabuula. Pamenepo mayi aja adachita chimene anthu a m'mudzimo adachikamba zaka zambiri. Adamasula duku, imvi zili poyera pamaso pa mkamwini, n'kuweramira pamwamba pa mwana wawo, n'kuyamba kupukuta galasi kumaso kwa dalaivala.

“Chigalimoto, afunse. Apa?”

“Chakumanja pang'ono, Namalopa.”

“Apa?”

“Pomwepo. Uwauze kuti dzanja lawo laposa kapayipi kanga.”

“Uwauze asiye zocheza, ayendetse.”

Emma adatulutsa mutu m'jekete. “Anthu inu,” adatero ndi kamawu kakang'ono, “mundipha ndi phwete mwanayu asanandiphe.”

Pilato adamasula mabuleki. Lole idatsika yopanda phokoso, ndipo kudzera pamalo opukutidwawo adawaona matabwa awiri oyendamo matayala, akuda ndi madzi. Adalunjikitsa. Matabwa adalira pansi pawo, mtsinje ukukokoma, mpaka matayala akumbuyo adagunda dothi la tsidya lina. Apongozi sadasiye. Chitunda chikabwera injini inkalira, iwo n'kupumitsa mkono; mtsetse ukayamba, duku linkabwerera pagalasi. Adayenda chomwecho njira yonse.

Injini idatsamwa atalowa kale mumsewu wa mishoni. Idakhosomola, n'kuzima yokha. Lole idakwawa ndi liwiro lotsala mpaka pamene makoma a chipatala adaoneka m'chifunga. Pilato adathamanga kukaitana anthu, ndipo adabwera ndi machira n'kumunyamula Emma. Apongozi adatsatira pambuyo, mutu uli pamtunda, duku lonyowa lili m'manja.

Pilato adatsala panja. Adazungulira lole, kugogoda matayala omwe analibe vuto lililonse, kenaka adakhala pachopondera. Dzuwa silidatuluke tsiku limenelo, choncho sadadziwe kuti nthawi yapita bwanji. Adangoona apongozi akubwera. Adadzuka kuti abisale kuseri kwa lole monga mwa ulemu, koma mayiwo adaima patsogolo pake, namuyang'ana iye mwini.

“Bambo,” adatero, “Emma wachira. Ndi mwana wamkazi. Onse awiri ali bwino.”

Pilato adagwada m'matope momwemo n'kuwomba m'manja.

“Zikomo, amayi.”

“Dzukani. Adokotala akuti mukadachedwa pang'ono tikadanena zina. Bwerani mudzamuone, ali ndi chipumi chanu, wosauka.”

Mwanayo adamutcha Millie. Lole idagona pamishoni mpaka Lolemba, pamene dalaivala mnzake adabwera ndi chigubu cha petulo panjinga, akuseka kuti mwini ngolo waumitsa thanki tsopano. Pilato adalandira chigubucho, nayamba wamulowetsa kaye kuti akaone mwana.