Masamba opserera pakhonde la azakhali

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira, ndipo azakhali ananditenga ku Dowa kukakhala nawo ku Kawale. Ndinalowa sukulu ya m'tauni, yokhala ndi madesiki, ndipo mumtima ndinalumbira kuti kumudzi sindidzabwererako. Vuto langa linali limodzi, lochititsa manyazi: chimwalirireni amayi ndinkakodza pogona. M'mawa ndikamayanika mphasa kuseri kwa nyumba, azakhali ankangopukusa mutu.

Nyumbayo inali ya lendi, ndipo mwini wake sankalola kukumba pabwalo. Choncho azakhali ankadzala maluwa awo m'zitini za penti ndi za mafuta ophikira, n'kuzindandalika pakhonde. Mwana analibe, ndiye maluwawo ankawalera ngati ana. Kutchalitchi kukakhala ukwati, amayi ankabwera kudzabwereka zitinizo. Ntchito yothirira inali yanga.

Chaka chimenecho mwezi wa Okutobala kunatentha moti simenti ya pakhonde inkawotcha mapazi. Masamba anayamba kupserera kunsonga, kenako m'mbali, n'kumapindika ngati fodya wouma. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, a Nyagondwe a ku Rumphi, anati ndi dzuwa. Tinasamutsira zitini zonse pansi pa mtengo wa mango, koma sizinasinthe. Azakhali anatembenuza tsamba lililonse kufunafuna nsabwe ndi mbozi, osapeza kanthu, komabe anawaza phulusa. Kenako anati ndikuumira madzi. Ndinapita kumpopi mpaka khosi kuuma ndi ndowa, masambawo akuyoyokabe.

Chowawa n'chakuti ine ndinkadziwa chimene chinachitika. Loweruka lina azakhali atapita kumaliro, amuna awo, amene ndinkawatchula kuti ankolo, anatulutsa kathumba ka feteleza wotsala kumunda wa chimanga. Ankayeza ndi chitsekerero cha botolo, monga achitira pa phando la chimanga, n'kumathira m'chitini chilichonse. M'zitini zazikulu ankaonjezera.

"Usawauze azakhali ako, tiwadabwitse," anatero akumwetulira. "Uona mmene abiriwirire."

Anali munthu wofatsa, wosakweza mawu m'nyumba, ndipo anachita zimenezi pofuna kusangalatsa mkazi wake. Masamba atayamba kupsa ndinkayang'ana ankolowo tsiku ndi tsiku, kudikira kuti anene okha. Iwo ankangomvera wailesi yawo.

Madzulo ena dzuwa litapepa, a Nyagondwe anagwada pansi pa mango paja, anatapa dothi la m'chitini n'kulinunkhiza. Anakwinya nkhope.

"Amama, si dzuwa ayi. Uwu ndi mkodzo."

Azakhali ananunkhizanso. Zoonadi, feteleza uja atasungunuka m'dothi lotentha ankanunkha chimodzimodzi. Panalibe amene anafunsa kuti mkodzowo ndi wa yani. Maso onse anatembenukira kwa ine.

"Mphasa yokha sinakukwanire?" anafunsa azakhali. "Ukuopa chimbudzi, ndiye wasandutsa maluwa anga chimbudzi chako?"

Ndinalumbira kuti si ine. Ndinalira, ndinagwada. Ankolo anali pampando pakhomo, wailesi ili pamwendo. Nditaona kuti zandithina, ndinanena zonse: za Loweruka lija, za kathumba, za chitsekerero. Azakhali anatembenuka.

"Bambo, n'zoona zimenezi?"

Ankolo anapotokola kachingwe ka wailesi, maso ali pansi.

"Ine za maluwa ndizidziwire kuti?"

Mbama imene ndinalandira sinandiwawe kwenikweni. Chinandipweteka ndi mawu otsatira. Azakhali anati mwana wokodza pogona angamupirire, koma wonamizira akuluakulu sangamusunge. Teremu ikatha ndibwerera ku Dowa.

Milungu yotsalayo ndinayesa zonse zimene mwana angayese. Ndinkadzuka m'bandakucha kusesa, ndinasiya kumwa madzi kukada, ndinkachotsa masamba ouma poganiza kuti maluwa akaphukiranso mtima wa azakhali udzatsika. Ena anaphukiradi mvula itagwa n'kutsuka dothi, koma zimenezo zinangotsimikizira azakhali kuti ndasiya khalidwe langa chifukwa ndagwidwa. Kathumba kaja ndinakafunafuna paliponse, osakaonanso. Ndikanauza yani? Aphunzitsi? Mwana wamasiye wokhala pakhomo pa eni alibe bwalo lokadandaulako.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza kudepoti ndi ankolo omwewo, atandinyamulira chikwama. Basi itatsala pang'ono kudzaza anandigulira mandasi, anandipatsira pawindo, n'kunena motsitsa mawu:

"Pepa mwana iwe. Azakhali ako ukuwadziwa. Ndikanavomera, m'nyumba muja simukanakhalika."

Ndinalandira mandasiwo ndi manja awiri, n'kuthokoza. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbukira kuti ndinathokoza.

Kumudzi sukulu inali kutali, kutsidya kwa mtsinje, ndipo ndinaimaliza mochedwa, anzanga a ku Kawale atayamba kale ntchito. Azakhali anamwalira akukhulupirirabe kuti ndine wabodza.

Lero ndili ndi khonde langa ku Area 36, ndi zitini zanga. Tsamba likadwala ndimatha kuliwerenga. La dzuwa limayera mbali imene yayang'ana kumadzulo, la mbozi limakhala ndi zibowo, la feteleza limapsa kuyambira kunsonga, dothi lili mbuu pamwamba. Koma sindidzinamiza kuti nzeru zimenezi zikanandipulumutsa. Choona ndinali nacho kale tsiku lija, ndipo ndinachinena. Chimene ndinalibe ndi munthu wamkulu mmodzi woti n'kundikhulupirira. N'chifukwa chake mwana wa malemu mchemwali wanga, amene ndikumulera panopa, akati "si ine", ndimasiya chilichonse chimene ndagwira, ndimakhala pansi, ndipo ndimamumvetsera mpaka amalize.