Lamulo la Dayisi Yogwa Pansi

A Kalaliki anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri m'chipinda chosungira mafayilo cha khoti lina laling'ono, ndipo pa zaka zonsezo palibe pepala limene linasowa m'manja mwawo. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Mumsewu wawo aliyense ankawatchula a Kalaliki, ngakhale akazi awo akapsa mtima. Anali munthu woonda, wovala jekete ngakhale kunja kukuwotcha, wosatulutsa mawu awiri pamene amodzi akwana. Anansi ankati ndi munthu wouma, koma ankanena choncho chifukwa sanalowepo m'galaja mwawo.

M'galajamo munalibe galimoto. Munali tebulo lozungulira, mipando inayi yosafanana, makina otayipira amene khoti linataya, ndi shelefu ya makope khumi ndi asanu ndi anayi. M'makopemo a Kalaliki anamangamo dziko lathunthu limene analitcha Dziko la Masiku Atatu, popeza kumeneko dzuwa linkatuluka kamodzi pa masiku atatu. Mapiri ake ankasuntha phazi limodzi chaka chilichonse, zitsime zinkalonderedwa ndi zinjoka zamapiko, ndipo onyamula nyali ankalemekezedwa kuposa mafumu. Tsiku lina wina atafunsa kuti anthu akumeneko amadya chiyani dzuwa likusowa chonchi, a Kalaliki anatha milungu iwiri akulemba za bowa wolimidwa m'mapanga, mitundu yake ndi matenda ake omwe.

Loweruka lililonse masana dzikolo linkatsegulidwa. A Kalaliki ankafotokoza zimene zikuchitika, ndipo anzawo atatu, aliyense ndi munthu wake wa m'nkhanimo, ankanena zimene munthuyo achite. Pakakhala chokayikitsa, monga kulumpha phompho kapena kunamiza mlonda, ankaponya dayisi ya mbali makumi awiri, ndipo nambala inkagamula. Panalibe wopambana. Nkhani inkangopitirira chaka ndi chaka.

Woyamba mwa atatuwo anali Lumo, wometa tsitsi wa pakona, amene m'masewerawo anali mbala ya m'mizinda. Achiwiri anali a Namwino, amene anakana kukhala wochiritsa, amvekere, “Sabata yonse ndimamanga mabala, Loweruka ndipatseni nkhwangwa.” Achitatu anali alamu awo a Kalaliki, achimwene a akazi awo, oyendetsa basi, munthu wa phwete lomveka tsidya la msewu. Iwo anali Wanyali, ndipo Wanyali ameneyu anayenda m'dzikolo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osazimitsa nyali yake.

Malamulo analipo makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, onse otayipidwa, lililonse ndi tsiku lake. Lachisanu ndi chinayi linabadwa chifukwa cha Lumo, amene kale akaona dayisi ikupita koipa ankaikankha ndi chigongono kuti igwe, aponyenso. Linati dayisi yogwa pansi iwerengedwe ngati imodzi, ndipo imodzi ndiko kulephera koipitsitsa. Lina linati wakufa sadzuka, pakuti chipata cha akufa m'dzikolo chimatsegukira mkati mokha. Wofuna kusintha lamulo ankalemba pempho sabata imodzi nthawi isanakwane, ndipo kusinthako sikunkabwerera m'mbuyo. Anzawo ankawaseka kuti anapuma ntchito koma khoti anabwera nalo kunyumba. Komabe Loweruka likakwana mipando inkadzaza, chifukwa dziko lokhala ndi malamulo olimba limaopsa zenizeni, ndipo mantha amenewo ndiwo ankawakoka.

Chaka chimene alamu aja anadwala sitiroko, galaja inakhala yotseka miyezi isanu. Dzanja lamanja linafa, lamanzere linatsala lonjenjemera, ndipo mawu ankatuluka mochedwa ngati akukwera chitunda. A Kalaliki ankapita kukawaona Lachitatu lililonse, ndipo zimene ankaona zinkawadya mumtima. Munthu amene anayendetsa basi yodzaza zaka makumi awiri tsopano ankakambidwa iye ali pomwepo. “Adya kale?” “Asiyeni, atopa.” “Musawafunse zambiri.” Akayamba kulankhula, wina ankawamalizira mawu. A Kalaliki analumbira chamumtima kuti patebulo lawo zimenezi sizidzachitika, kuti kumeneko alamu awo adzakhala Wanyali monga kale, osati wodwala. Lumbiroli sanauze munthu, monga mwa chikhalidwe chawo.

Loweruka limene alamu anabwerera, akutsamira ndodo, Lumo anawalandira pakhomo. “Adalaivala afika! Basi ija mwaiimika pati, kapena mwaigulitsa n'kugula ndodoyi?”

“Ndaimika... pamutu pako,” anayankha alamuwo pang'onopang'ono, “pali malo.” Lumo anali ndi dazi, ndipo onse anaseka mpaka a Namwino anapukuta misozi.

Nkhani inali itaima pamene moto wa mzinda wa m'phiri unazima, ndipo Wanyali anayenera kuwoloka mlatho wa zingwe kuti akauyatsenso. A Kalaliki anafotokoza mphepo, chinjoka chikuzungulira pansi, thabwa lina lowola pakati. Anati pakufunika nambala yoposa zisanu basi. Alamu anatola dayisi ndi dzanja lamanzere. Dzanjalo linagwedezeka, dayisi inadumpha, inagunda kapu, inadutsa m'mphepete mwa tebulo n'kukagubudukira pansi pa shelefu.

Lumo anagwada msangamsanga. “Seventini! Ndaiona ndi maso angawa. Wawoloka mkuluyu!”

“Yagwa pansi,” anatero a Kalaliki.

“Eya, yagwa, nanga tinene kuti yauluka? Koma ndi seventini.”

“Lamulo lachisanu ndi chinayi. Iwerengedwa imodzi.”

A Namwino anavula magalasi. “A Kalaliki, lamulo limenelo munalembera mbava iyi,” analoza Lumo, “osati munthu amene dzanja likumuvuta.”

“Ndikuvomera, mbava ndine,” anatero Lumo. “Ndimangeni ineyo. Ipheni mbala yangayo, ndatopa nayo kale.”

“Lamulo silitchula dzina la munthu,” anatero a Kalaliki. “Likunena za dayisi.”

“Ndiye tisinthe pompano. Tilipo tonse.”

“Pempho lilembedwe, tidzakambirane sabata yamawa. Ndipo ngakhale litasintha, silibwerera m'mbuyo.”

“Iii, abale inu! Kodi m'chifuwamo muli mtima kapena fayilo?” A Namwino anamenya tebulo. “Aponyenso basi. Ndani akatisumire? Chinjoka?”

A Kalaliki anayang'ana alamu awo. Ankayembekeza kuona m'maso mwawo kuti amvetsa, kuti pano pokha palibe amene akuwamalizira mawu kapena kuwachepetsera katundu. Koma alamuwo ankayang'ana dzanja lawo limene linali gone patebulo, likunjenjemerabe. Pamenepo mpata unalipo. A Kalaliki akanatha kunena zimene zinali mumtima mwawo, ngakhale mawu asanu okha. M'malo mwake anatsegula kope, chifukwa ndi zimene manja awo ankadziwa, nawerenga ndi mawu a kukhoti kuti thabwa linathyoka, Wanyali anagwa m'phompho, ndipo nyali inaoneka ikucheperachepera mpaka inazima.

“Palibe nthambi yoti agwire?” anafunsa Lumo. “Dziko lonseli, mapiri oyenda, bowa wa mitundu makumi anayi, mulibe kanthambi kamodzi?”

“Pamapu palibe mtengo pamenepo. Mukudziwa nonse.”

Alamu anakoka ndodo yawo naimirira movutikira. “Lamulo... ndi lamulo,” anatero, mlomo ukumwetulira mbali imodzi. “Zikomo, alamu.” Lumo anafuna kuwagwira mkono, iwo anakana. Anatuluka okha. A Namwino anatola chikwama chawo, ndipo ali pakhomo anati, “Chaona mnzako chapita, a Kalaliki. Manja anuwo sadzatayipa mpaka kalekale.”

Akazi awo a Kalaliki anamva nkhaniyi dzuwa lisanalowe. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, “Achimwene anga anatha miyezi iwiri akuphunzira kugwira supuni kuti abwere kuno. Mumadziwa?” A Kalaliki anati zamasewera amazidziwa ndi osewera. Mayiwo anati n'zoona, ndipo kuyambira tsikulo tiyi wa Loweruka analeka kufika kugalaja.

Sabata yotsatira a Kalaliki anakonza mipando, nalemba pepala la munthu watsopano woti alamu awo atenge, mwana wa Wanyali, wokhala ndi nyali yomweyo yotoledwa m'phompho. Anaganiza kuti imeneyi ndi mphatso yabwino, ndipo siphwanya lamulo lililonse. Sipanabwere munthu. Sabata inayo chimodzimodzi. Patatha mwezi tsitsi linakula, ndipo anapita kwa Lumo.

Lumo anawameta mwaulemu wachilendo, wopanda nthabwala. Atafika kumbuyo kwa khutu anati, “Ndisakubiseni, akulu, mungamve kwa ena. Timasewera pakhonde pa a Namwino. Wofotokoza ndine.”

“Dziko liti?”

“Lomwe lija. Nanga tikudziwa lina?”

“Makope ali kwa ine.”

“Timakumbukira. Pamene taiwala timangopeka.” Lumo anawapukuta pakhosi. “Wanyali uja anakodwa pamsana pa chinjoka. Ali moyo.”

A Kalaliki analipira n'kumapita. Kunyumba anakhala pamakina masiku anayi. Analemba, nang'amba, nalembanso, mpaka kasanu ndi kawiri, kufikira anapeza mawu amene sakunyoza wodwala ndipo sakutsegulira mbava khomo. Lamulo lachisanu ndi chinayi linawonjezedwa ndime yakuti dayisi yogwa mosafuna iponyedwenso, ndipo pansi pake, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, analemba kuti kusinthaku kubwerera m'mbuyo milungu isanu ndi umodzi. Mzere umenewu unawawawa ngati kuzula dzino. Loweruka masana anavala jekete, naika pepalalo mu envulopu, nayenda misewu itatu.

Phwete la alamu awo analimva asanafike pageti. Linali lopotoka, koma linali lomwe lija. Pakhonde panali anthu asanu, awiri a iwo achilendo. Pakati pa tebulo panali thireyi ya tiyi, ya m'mphepete motalika, yoyalidwa kansalu. Alamu anaponya dayisi, dzanja linagwedezeka monga tsiku lija, dayisi inagunda m'mphepete mwa thireyi n'kubwerera pakati. A Kalaliki anaima ndi envulopu yawo akuyang'ana thireyiyo. Kunyumba kwawo zinalipo ziwiri zoterozo.

“Odi,” anatero.

“Fikani, a Kalaliki,” anayankha a Namwino. “Mwabwera ndi samani ya kukhoti?”

Anapereka envulopu kwa alamu awo ndi manja awiri. Alamuwo anaitsegula ndi mano ndi dzanja limodzi, ndipo palibe amene anawathandiza. Anawerenga mpaka pansi, nabwerezanso.

“Mwalemba bwino,” anatero. “Nthawi zonse... mumalemba bwino.”

“Ndinkafuna kuti musaoneke ngati wodwala, alamu. N'chifukwa chake ndinatero tsiku lija.”

“Ndine wodwala.” Anakweza dzanja lonjenjemera lija kuti onse alione. “Kunyumba amaona ili lokha. Inu munakana kuliona. Nonse... simunandione ine.” Anapinda pepala nalibweza. “Silikufunika. Dayisi sikugwanso.”

A Namwino, amene mkwiyo wawo sunkakhalitsa, anakoka mpando. “Khalani pansi. Tikusowa mlonda wa pachipata, Lumo akupatsani pepala.”

A Kalaliki anayang'ana mapu amene anali patebulo, ojambulidwa ndi bolopeni kuseri kwa kalendala. Mtsinje unali kumene kunayenera kukhala phiri. Mmodzi wa achilendo aja anali ndi munthu wokwera chinjoka ngati bulu.

“Lero ndi tsiku lachingati la mdima?” anafunsa.

Lumo anakanda dazi lake. “Aa, zimene zija tinazisiya, akulu. Zinkavuta kuwerenga. Dzuwa likutuluka tsiku lililonse.”

“Nanga wonyamula nyali ntchito yake n'chiyani?”

Wachilendo wina anaseka pang'ono, osadziwa kuti si nthabwala. Alamu anatola dayisi nayang'ana Lumo kuti apitirize. A Kalaliki anathokoza chifukwa cha mpando, napepesa kuti asokoneza, natsazika aliyense mwaulemu wonse.

Ali ndi moyo mpaka lero, ndipo manja awo akadali olimba. Ndi alamu awo amakumana pamaliro ndi paukwati, amapatsana moni wokwanira, amafunsana za mankhwala. Loweruka masana amalowabe m'galaja. Afika pa kope la makumi awiri ndi atatu. Mzinda wa m'phiri uja sunayatsidwenso moto, ndipo iwo analemba mwatsatanetsatane mmene anthu ake anasamukira, mabanja angati anafera panjira, ndi kumene otsala anakamanga. Akazi awo anawafunsa kamodzi kuti akulembera yani zonsezi. Iwo anayankha kuti mapiri asunthanso chaka chino, ndipo mapu ayenera kukonzedwa.