Ndinafika ku Kabudula Atate Atasiya Kuyankhula

Ndinanyamuka ku Lilongwe Loweruka cha m'ma 8 koloko m'mawa, patatha masabata atatu mlongo wanga Esinta atandiimbira foni. Tsiku limenelo anati, "Achimwene, atate akukufunani. Akuti ali nanu mawu." Ndinayankha kuti ndibwera ndikapeza mpata. Mpatawo sunapezeke. Masana ndimakhala kuntchito, madzulo kukomiti yokonza denga la tchalitchi, Loweruka kuukwati kapena kumaliro, poti ndine mkulu wa mpingo. Kenako Esinta anaimbanso akulira, kuti atate agwa kudimba ndipo mbali imodzi ya thupi lawo yafa.

Minibasi ya ku Nsaru inatenga ola lathunthu kuti idzaze. Kondakitala atatchula K5,000 tinadandaula pang'ono, mwamwambo chabe, kenako tonse tinapereka. Pambali panga panakhala bambo wina wachikulire, Msilamu wa golosale ku Nsaru, atanyamula katoni ya sopo pamiyendo. Tisanatuluke n'komwe m'tauni ndinali nditayankha kale mafoni anayi: za malata, za misomali, za kwaya, ndi za munthu wolalikira mawa lake.

"Kodi bambo, ndinu abusa?" anandifunsa.

"Ayi, ndine mkulu wa mpingo chabe."

"Chabe eti? Ndiye abusawo amagona koma? Ine nthawi yopemphera ikakwana ndimatseka golosale, foni n'kuisiya m'kabati. Ogula amadandaula, koma sopo sathawa."

Ndinaseka. Ndili pafupi kuyankha, foni inaliranso. Pomwe ndimamaliza kuyankhula, iwo anali akusinza.

Tinafika pa Nsaru cha m'ma 11 koloko, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndinagula tchipisi pachiwaya n'kudya choimirira, dzanja lina likulemba uthenga. Sindikumbukira ngati munali mchere. Atate ndinawagulira buledi, shuga ndi nthochi, kenako ndinakwera kabaza wa njinga yamoto pa K4,000. Tinalowa msewu wafumbi, tikudutsa zigafa za fodya zopanda kanthu ndi minda yolimidwa kale mizere, yongodikira mvula. Netiweki inayamba kudukaduka, ndipo tisanafike pa Kabudula batire ya foni inatha.

"Mwapuma bwana," anatero wakabaza uja osacheuka.

Kumudzi ndinafika 1 koloko itadutsa. Atate anali atatuluka m'chipatala dzulo lake. Ndinawapeza pakhonde atakhala pamphasa, atatsamira khoma, kamwa itapotokera mbali imodzi. Munthu amene kwa zaka zambiri ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi cha kwathu popanda buku tsopano sankatha kutchula ngakhale dzina langa.

Ndinachita zomwe ndinazolowera kwa odwala a mumpingo. Ndinaimirira n'kuyamba pemphero lalitali, mokweza mawu. Ndisanafike pakati, dzanja lawo lamanzere, lomwe linatsala ndi mphamvu, linandigwira buluku n'kundikokera pansi. Ndinakhala pamphasapo.

Ola loyamba linandivuta. Dzanja linkangopita m'thumba lokha, kukagwira chinthu chozima. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kumva njiwa mumtengo wa mango, mbuzi kuseri kwa nyumba, ndi kupuma kwa atate. Ndinaona kuti tsitsi lawo layera lonse, ndipo sindinadziwe kuti linayera liti. Ndinakumbukira Khirisimasi yapitayi, mmene ndinathera masana onse kuseri kwa nkhokwe, pomwe pamagwira netiweki. Atate ananditsatira kumeneko n'kunena kuti, "Mukatha mundipeze." Sindinathe. Ndinatsazika mothamanga kuti ndikapeze minibasi yomaliza.

Dzuwa litapendeka Esinta anabwera ndi phala. Ndinamufunsa motsitsa mawu, "Kodi mawu aja anakuuzako?"

"Ayi. Ankati ndi a inu nokha. Tsiku lililonse akamva njinga yamoto ankatuluka kukaima panjira."

Ndinatembenukira kwa atate. "Atate, ndabwera. Munkafuna kundiuza chiyani?" Milomo yawo inanjenjemera nthawi yaitali, koma panangotuluka mpweya. Kenako anatsinzina, misozi n'kutsika patsaya limodzi. Ndinatenga sipuni kwa Esinta n'kuyamba kuwamwetsa phala ndekha.

Ndinabwerera Lolemba m'mawa. Nditayatsa foni kunyumba, mauthenga analowa motsatizana kwa mphindi zingapo. Malata anali atagulidwa, wolalikira anapezeka, kwaya inaimba. Palibe chimene chinaima chifukwa cha ine.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti kutanganidwa ndiko kutumikira Mulungu, mpaka ndinasowa nthawi yokhala chete pamaso pake, ngakhalenso pamaso pa munthu amene anandiphunzitsa kupemphera. Masiku ano ndimapita ku Kabudula kawiri pamwezi, ndipo foni ndimazimitsa ndekha ndikangotsika pa Nsaru. Timakhala pakhonde mpaka mthunzi utafika pankhokwe. Nthawi zina amandiyang'ana kwambiri, milomo n'kuyamba kugwedera, ndipo ine ndimasendera pafupi n'kudikira.