Mizukwa itatu ya ku Zingwangwa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene ndinathamangitsa anthu a ku Zingwangwa ndi nsalu ya pabedi. Adzukulu anga akamva zimenezi amangoyang'anana, poti agogo awo lero kuti akwere minibasi mpaka kondakitala awakoke dzanja. Koma zinachitikadi, ndipo ndikazikumbukira ndimayamba ndaseka kaye, misozi imabwera pambuyo.

Bambo anga anali mlaliki. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mpingo unawatumiza ku Amereka kukaphunzira zaubusa, ndipo mwa mwayi wosowa anatitenga ine ndi amayi. Tinkakhala kudera la anthu akuda, m'kanyumba ka matabwa pafupi ndi njanji. Maso anga sankapuma. Mkaka unkasiyidwa pakhomo m'mabotolo, tsiku ndi tsiku, popanda wougwira. Tayesani zimenezo kuno, mudzapeza ndi botolo lomwe lili pamsika akugulitsiramo mafuta ophikira. Chipale chofewa chitagwa koyamba ndinatuluka osavala nsapato, ndinachinyambita, ndipo ndinakhumudwa kuti chinthu chokongola chotero chilibe shuga. Ana a mumsewu wathu tinkaunjikana pansi m'nyumba mwa aneba kuonera wailesi yakanema, ikatha tonse panja kukasewera mpaka amayi athu atopa kuitana. Ana a masiku ano aliyense ali pakona pake ndi foni, khosi lopindika ngati nkhuku yodwala chitopa, kenako akuti akusangalala. Ine ndimawamvera chisoni.

Koma tsiku limene linandilanda mtima linali lakumapeto kwa Okutobala, lomwe amalitcha Halowini. Ana onse ankavala zoopsa, wina mzukwa, wina chigoba cha mafupa, n'kumagogoda khomo ndi khomo. Mwini nyumba akatsegula ankakuwa monamizira mantha, kugwira pamtima, kenako n'kuthira masiwiti m'thumba lako. Pakhonde lililonse pankakhala dzungu losemedwa maso ndi mano, kandulo ili m'kati. Ine, mwana wa mlaliki amene siwiti ndinkaiona pa Khirisimasi pokha, ndinabwerako ndikukoka thumba pansi. Ndinatsimikiza mumtima kuti dziko lonse liyenera kudziwa masewera amenewa.

Titabwerera kumudzi kuno, mpingo unaika bambo ku Zingwangwa, nthawi imeneyo nyumba zili patalipatali, minda pakati. Ankayembekezera kudzozedwa ubusa mwezi wa Disembala. Ndicho chinthu chimene anachiwolokera nyanja, chimene amayi anapiririra nacho kuzizira konse kuja. Ine ndinalibe nazo ntchito. Yanga inali kutopetsa anzanga ndi nkhani za kunja, chilichonse "ku Amereka, ku Amereka", mpaka ena ankatseka makutu ndikangotsegula pakamwa.

Okutobala atafika kumapeto, dzuwa likuswa mtengo, ndinaona kuti nthawi yakwana yoti ndiwatsegule maso ana a ku Zingwangwa. Ndinakopa mnzanga Fane ndi mlongo wake wamng'ono Jemusi powalonjeza masiwiti odzaza chitenje. Tsiku limenelo bambo anali ku msonkhano m'tauni, amayi ku chigayo. Ndinasolola nsalu yoyera ya pabedi pawo, ija anabwera nayo kuchokera kunja, ndinaidula patatu, n'kuboola maso, m'mbali mwa mabowo n'kupaka makala. Maungu mwezi umenewo adzachokera kuti? Ndinatenga chipanda cha amayi, ndinachisema maso ndi mano ndi mpeni wa kukhitchini. Chinakongola kuposa dzungu lililonse limene ndinaonapo, ndipo ndinadzitama nacho kwambiri.

"Tikafika pakhomo tizinena chiyani?" anafunsa Fane.

"Muzikuwa kuti, masiwiti, apo ayi muona!" ndinatero ine mphunzitsi.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Nyumba yoyamba inali ya mayi Mulepa, aneba athu, amene tinawapeza akupeta chimanga, mwana ali kumbuyo. Tinatulukira kuseri kwa nkhokwe manja m'mwamba, tikukuwa mawu athu aja, ine patsogolo ndi chipanda changa. Mayi aja anangodzutsa mutu kamodzi. Lichero uko, chimanga mbwee, iwo liwiro la mtondo wadooka.

"Mayo ine, mizukwa masana!"

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ngakhale ku Amereka sindinaonepo munthu wodziwa kunamizira mantha chotero. "Mwaona?" ndinauza anzanga. "Masewerawa akuwadziwa. Apita kukatenga masiwiti." Tinadikira pang'ono, nkhuku zikudya chimanga, koma sanabwere. Ndinati basi tiwapeza pobwerera.

Pansi pa mtengo wa mango panali azibambo akusewera bawo. Aa, pamenepo ndiye panakoma. Bawo linagubuduzika, nkhomo kumwazika, bambo wina wamimba yaikulu anadumpha mpanda umene mbuzi inkaulephera. Wina ankakuwa kuti ndi zilombo za kudambwe, wina kuti ndi mfiti. Agalu anauwa mudzi wonse, zitseko zikumenyetsedwa uku ndi uku. Ife tinkathamanga pakati pa njira, fumbi koboo, tikuseka mpaka nthiti kuwawa. Sindinasangalalepo chotero m'moyo wanga, ndipo sindinama, mpaka lero palibe tsiku limene linaposa madzulo amenewo.

Tinazindikira kuti zinthu zatembenuka mwala woyamba utagwa pamapazi pathu. Anthu aja anali atabwerera, tsopano ali gulu, ena ndi mipini, ena ndi zikwanje. Jemusi anaponya nsalu yake pansi n'kuyamba kulira kuitana amake. Gulu linaima. Munthu wina anabwera pang'onopang'ono n'kundivula nsalu kumutu. Anali a Namacha, mkulu wa mpingo wathu.

"Mwana wa a mlaliki," anatero motsitsa mawu.

Chipanda chija sanachigwire ndi manja. Anachitola ndi kamtengo, poti m'maso mwa aliyense pamenepo chinali nsupa.

Loweruka akulu a mpingo anaitana bambo, ndipo anati nanenso ndibwere. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko cha tchalitchi, chipanda changa chili patebulo ngati mboni. Zinthu zinali zitaipiraipira, chifukwa mwana wa mayi Mulepa anali atatentha thupi tsiku lotsatira, ndipo anthu ankakumbutsana kuti mizukwa ija inanena kuti muona. Bambo anafotokoza za masewerawo modekha, kuyambira dzungu mpaka masiwiti.

"Ndiye kumeneko Akhirisitu amavala ngati akufa?" anafunsa mkulu wina.

"Amavala, ndipo m'mawa mwake amapita kutchalitchi."

Yankho limenelo silinathandize. A Namacha, amene kunena zoona ankawakonda bambo, anayesa kupeza njira yowapulumutsira.

"A mlaliki, ife sitikudana nanu. Koma anthu aona zilombo zikutuluka m'nyumba ya mpingo, nsupa ili m'manja. Mawa mapemphero akatha mwanayu aime kutsogolo, avomere kuti anachita zamdima, inu mumukwapule anthu akuona. Nkhani ithere pompo, Disembala mudzozedwe bwinobwino."

Ndinkawadziwa bambo anga, sanali munthu woumira mkwapulo. Ndinadziwa kuti zanga zada. Koma iwo anapukusa mutu.

"Za nsalu ya amake ndi chipandacho tikakambirana kunyumba, ndipo aziona," anatero. "Kwa mayi Mulepa ndipita ndekha kukapepesa. Koma kumuimika kutsogolo kuti avomere ufiti umene sakuudziwa, ayi. Dzina limenelo silidzamuchoka mpaka imvi. Ndinamutengera kutali ndine, ndipo pobwera ndinaiwala kumuuza kuti wafika kwawo. Ngati mukufuna wolakwa, ndili pano."

Akulu aja anawaimitsa bambo kulalikira. Za kudzozedwa anati zidikire kaye, ndipo kudikirako kunatenga zaka. Mwana wa mayi Mulepa anachira, anali malungo chabe, koma chigamulo chinali chitagwa kale. Kunyumba ndinaziona ndithu. Amayi anandisoketsa nsalu ija chigamba ndi chigamba, pakamwa pawo pasakupuma, ndipo zala zanga zinatupa ndi singano. Bambo anangondiuza mawu ochepa tikuchokera kopepesa kuja.

"Mwanawe, masewera aja amakoma kumene kuja chifukwa otsegula chitseko amawadziwa. Usanagogode pakhomo la munthu, uzidziwa kaye chimene amaopa."

Mawu amenewo ndayenda nawo, ndipo andithandiza ku ukwati, kuntchito yauphunzitsi, ngakhale pamaliro a eni ake. Koma chachikulu ndinachimvetsa mochedwa. Ndakalambira mu Zingwangwa muno, ndipo ndaona ndi maso anga zimene zimamuchitikira mwana akangotchulidwa kuti ndi mfiti. Anzake amamuthawa, kusukulu amakhala yekha, pampopi amayi amabisa ana awo kumbuyo, ndipo aliyense akadwala m'dera maso onse amaloza kwa iye. Ena ndawaona akukula choncho mpaka kusokonekera mutu. Ine ndikanangonena mawu amodzi aja kutsogolo kwa mpingo, moyo umenewo ukanakhala wanga. M'malo mwake ndinakula ndili mwana wopulupudza amene anang'amba nsalu ya amake, nkhani yoseketsa pa zinkhoswe, basi.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti bambo analuza mlandu chifukwa cha kuuma mutu. Lero ndikudziwa kuti anayeza zinthu ziwiri, ubusa wawo ndi dzina langa, ndipo sanavutike kusankha. Lamulungu lija la Disembala, anzawo akuvekedwa kolala yoyera kutsogolo, iwo anali pa benchi lakumbuyo kwenikweni, kumene kunkakhala anthu odulidwa mu mpingo. Anandikhazika pambali pawo, dzanja lawo lili paphewa langa kuti mpingo wonse uone, ndipo ankaimba mokweza kuposa kwaya.