Fumbi la ku Chelstone m'thumba la jekete

Fungo la salaula silichoka m'mphuno. Mpaka lero ndikadutsa pamene akumasula belo la zovala zakunja, ndimabwerera ku Okutobala wa chaka chimene amayi anagula jekete. Dzuwa linali kuswa mtengo, phula la m'tauni likumata kunsi kwa nsapato, koma ife tinkayenda mumsika kufunafuna chovala cha mphepo. Amayi anali namwino pakiliniki ya kwathu ku Chelstone, ndipo anali atapeza ntchito kudziko lozizira kutsidya kwa nyanja. Ankayenera kunyamuka mvula isanakhazikike. Ine Tikondane ndinali mwana wawo mmodzi yekha, wa giredi folo, wa mafunso otopetsa anthu.

Jeketeyo inali yakuda, yolemera, yofika m'mawondo. Amayi ataivala thukuta linayamba kuyenderera pakhosi, azimayi ogulitsa n'kumaseka. "Ba sisita, muyenda ku mwezi na chijekete ichi?" anafunsa mwini katundu. Atagwirizana, anaponyerapo mbasela, kajuzi kofiira ka msinkhu wanga kokhala ndi timaluwa toyera pachifuwa. Ndinafunsa kuti ndi maluwa anji, poti sindinawaonepo ngakhale m'mipanda ya anthu olemera ku Kabulonga. Amayi anati si maluwa, ndi chipale chofewa, chimene chimagwa kuchokera kumwamba kumene iwo ankapita. Ha! Ine ndinkadziwa matalala, amiyala aja ogogoda malata ndi kuboola chibwabwa, masamba a maungu aja. Koma zoti kumwamba kungagwetse chinthu cholukidwa bwino chonchi, ayi, ndinakana.

Atate ankakonza makina oziziritsa m'nyumba yaikulu yosungiramo nsomba ku Heavy Industrial. Anali munthu wosunga mawu, ndipo chibwerereni nkhani ya ulendo wa amayi, pa chakudya chamadzulo pankayankhula wailesi yokha. Nditawaonetsa juzi, anayendetsa chala chawo chamafuta pakaduwa kamodzi, n'kugwedeza mutu kuti woluka sanalakwitse, manja a kaduwako ndi asanu ndi limodzi. Ndinawakakamira sabata yonse kuti andiuze amene amakadula kumwambako. Loweruka anatopa nane, anandikweza minibasi kupita kuntchito kwawo.

Chitseko cha chipinda chozizira chinali chochindikala kuposa matiresi. Atachitsegula, kuzizira kunandiluma m'mano, ndipo mpweya wanga unatuluka ngati utsi. Munkanunkha nsomba ndi makatoni onyowa. Mapaipi a m'mwamba anali atamera ubweya woyera, ndipo atate anandinyamula, n'kundipatsa galasi lawo lokuzira zinthu limene ankawerengera timanambala ta pamakina. Mayo ine! Sunali ubweya ayi. Munali tisingano, tinthenga, timasamba tokhala ndi timasamba tinzake, zonse zonyezimira. Nditayandikitsa mphuno, zina zinasungunuka ndi mpweya wanga.

Tsiku limenelo atate anayankhula kuposa mwezi wonse. Anati zimene ndinkaonazo si madzi amene wina anathira n'kuuma. Ndi nthunzi, mpweya wa antchito ndi chinyezi cholowera pachitseko, imene ikakhudza chitsulo chozizira imauma pomwepo osayamba yakhala dontho. Matalala ndi madontho ouma, n'chifukwa chake ali ngati miyala. Chipale chofewa chimamera pang'onopang'ono kuchokera ku nthunzi. Koma m'mitambo mulibe paipi, choncho nthunzi imafuna pogwira, ndipo imagwira kafumbi kouluka, kakang'ono kosaoneka ndi maso. Pamenepo pamabadwa kambale ka ngodya zisanu ndi imodzi, chifukwa madzi akamauma amakhalirana motero, ngati zisa za njuchi. Ndiye pangodya iliyonse pamatuluka dzanja.

Ine sindinakhute. Ndinafunsa kuti nanga ndani amauza dzanja la uku kuti lifanane ndi la uko, poti alibe maso.

"Palibe amawauza, Tiko," anatero atate. "Amayenda limodzi. Kuzizira kumene kwapeza dzanja limodzi kwapeza onse, chinyezi chimene lakumana nacho akumana nacho onse."

"Nanga tiwiri tobadwira mumtambo umodzi?"

"Tikasiyana njira, kena kadutsa pozizira kwambiri, kena ponyowa. Timafika pansi tosafanana."

Ananena zimenezi akuyang'ana paipi. Kenako anandiika pansi n'kunena kuti tituluke ndingadwale chimfine.

Pa zonsezi ine ndinatola mawu amodzi, fumbi. Koma abale, fumbi! Ku Chelstone tinali nalo lotaya. Linkalowa m'mawindo, m'tsitsi, mu shuga, ndipo amayi ankalimbana nalo m'mawa uliwonse ndi tsache. Ndinadzaza sosala ndi fumbilo, ndinaiika mufiliji pamwamba pamene tinkaumitsira madzi, n'kumapumiramo mpweya ndikachoka kusukulu. Ndinakolola matope olimba basi. Atate anaseka koyamba m'masiku ambiri, nati filiji ilibe thambo, kachipale kamafuna mtunda wautali woti kagwe kakukula.

M'masiku omwewo ndinamva bana Mulenga, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, akuuza mnzawo pampanda kuti oyenda kunja kuja sabwerera, amaiwala. Sanadziwe kuti ndili mumtengo wa mapeyala pamwamba pawo. Mawuwo anandikhala pachifuwa, ndinkaopa kwambiri kuti amayi akatiiwala. Ndiye ndinaganiza nzeru. Ngati chipale chimayambira pafumbi, amayi akatenga fumbi la kwathu n'kukaliponya m'mwamba, chipale cha kumeneko chidzamera pa Chelstone, ndipo chikamawagwera paphewa adzatikumbukira. Ndinakokola la pakhomo penipeni, pamene iwo ankasesa, ndinalimanga m'kapulasitiki, n'kulibisa m'thumba lamkati la jekete. Ndinachita mwayi, chifukwa mawa lake mvula yoyamba inagwa, pabwalo ponse n'kusanduka matope.

Kubwalo la ndege ndi kumene ndinawaululira. Amayi anapisa dzanja m'thumba, anaseka kwambiri, kenako anandikumbatira mpaka ndinamva misozi yawo m'tsitsi langa. Atate anaima pambali atagwira chikwama cha amayi, osadziwa poika maso. Kuyambira pamenepo, foni ya Lamlungu ikalira, funso langa loyamba linali lomwelo, ngati aponya fumbi lija. Cha m'ma Khirisimasi anandiyankha. "Ndaponya, mwanangu. Chagwa choyera bwino, cha kwathu chenicheni." Ndinadzitama kusukulu mpaka anzanga anayamba kundithawa.

Zaka ziwiri zimene anatilonjeza zinaberekana. Amayi sanatiiwale, ankabwera patchuthi ndi masutikesi odzaza, koma ulendo uliwonse ankafika osinthako pang'ono. Ankayenda mofulumira, ankadabwa ndi alendo obwera osaimba foni, ndipo fumbi linkawatsokomoletsa. Atate nawo anazolowera kudziphikira ndi kugona wailesi ikuyankhula. Sindinawamvepo akukangana. Ankangopatsana ulemu wambiri, wonga wa munthu ndi apongozi ake, ndipo zimenezi zinkandipweteka kuposa mkangano.

Ndinakaona chipale ndi maso anga nditakula kale, pamene ndinapita kukacheza kwa amayi. M'mawa wina chinayamba kugwa mwakachetechete, ndipo ndinathamangira panja ngati mwana. Kachipale kena kanatera padzanja la malaya anga, ndinakawerenga manja msangamsanga kasanasungunuke. Amayi anatuluka atavala jekete ya ku salaula ija, itatha kale m'zigongono, imene ankangoivala pokataya zinyalala. Anandiyang'ana, anapisa dzanja m'thumba lamkati, n'kutulutsa kapulasitiki kachikasu ndi ukalamba, mfundo yanga yokhotakhota ikadali pomwepo.

"Amayi, si munati munaponya?"

"Ndikanaponya ndikanatsala ndi chiyani?"

Ndili mwana ndinkaganiza kuti m'chipinda chozizira chija atate ankandiphunzitsa za chipale, ndipo ndinatengapo za fumbi zokha chifukwa ndi zimene ndinkatha kuzigwira ndi manja. Tsopano ndimaona kuti ankanenanso zimene ankaopa, ndipo zinachitikadi monga ananenera. Koma kamtsikana kaja sikanalakwitse kwenikweni, chifukwa kafumbi kamakhalabe pakati, kaya manja apita kuti. Tsiku lomwelo ndinawaimbira atate ku Chelstone n'kuwauza za kapulasitiki. Anatsokomola, n'kufunsa ngati manja a chipalecho analidi asanu ndi limodzi.