Mchere umene ndinakakamira kuthira

Inu owerenga, ine ndinaika maliro a amuna anga ndikadali mayi wamphamvu zake, ndipo dzanja limene linawafulumizitsa kumanda ndi lomweli linkawaphikira. Sindinawathire mankhwala ayi. Ndinkaphika bwino kwambiri, koma ndili ndi mtima wokayikira aliyense, ndipo ndikufuna mumve mmene zimenezi zinandipwetekera.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1950, kwathu kufupi ndi Kabudula. Amuna angawo, abambo a mwana wathu Lute, anabwera pachikamwini ali woonda ngati mpini wa khasu. Fodya wa chikopa atawayanja zaka zingapo, anatsegula kantini pamsewu wopita ku Nsaru, khasu n'kulisiyira aganyu. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali kukhala pampando tsiku lonse. Ine ndiye pa mphika ndinalibe mnzanga, ndisabise. Nyama ya nkhumba yonona, nkhuku yokazinga m'mafuta ake omwe, nkhwani wotendera mpaka kulemera, tiyi wa shuga woti nyerere zilondole kapu. Iwo akamadya ankatsinzina, thukuta lili kamukamu, n'kumati, "Amake Lute, wina akadzakulandani kwa ine, ndidzafera pomwepo."

Nthawi imeneyo njala ya 1949 inali isanachoke m'mitima ya anthu. Munthu wonenepa ankaoneka kuti zake zili bwino, ndipo mimba ya amuna anga inali ulemu wanga. Amayi anzanga kuchitsime ankati mkamwini uja anagwera pabwino, ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba.

Kenako anayamba kupuma mwawefuwefu akangopalasa njinga pang'ono. Mutu unkawawawa pafupipafupi, mapazi anatupa mpaka nsapato za kutchalitchi kukana kulowa. Mlongo wawo, a Nachisale, ndiwo anawaperekeza kuchipatala cha mishoni. Atabwerako ndinawaikira chakudya monga mwa masiku onse, koma anakankhira nyama pambali. Anati adokotala awauza kuti mtima walemedwa ndi thupi, choncho achepetse mafuta ndi shuga, aziyenda pansi, ndipo ndiwo zawo ndisamazithire mchere wambiri. Mawu ena onsewo anangondidutsa. Ine chimene chinandibaya ndi cha mcherecho.

Achinyamata a lero mwina simudziwa. Kwathu ankati mkazi akayenda ndi mwamuna wina, kenako n'kuthira mchere m'ndiwo za pakhomo, mwamuna wake amadwala mdulo. Amatupa mapazi, chifuwa chimamuwawa, ndipo akapanda kusamala amapita. Tinali anthu opemphera, amuna anga anali mkulu wa mpingo, koma mantha a mdulo tinkalowa nawo m'tchalitchi n'kutuluka nawo. Ndiye tangoganizani, mwamuna wotupa mapazi akuuza mkazi wake kuti asathire mchere. Ine ndinamva kuti akunditchula wachiwerewere, kungoti akubisala kumbuyo kwa dokotala.

Ndinadzifunsa kuti kodi ndi dokotala uti amaletsa munthu mchere? Ndani anamva mawuwo kupatula a Nachisale, amene chikwatirireni sankandiyang'ana ndi diso labwino? Ndinatsimikiza kuti nzeruzo anapangana panjira pobwerera. Ndinayamba kutchera khutu paliponse. Ndikafika kuchitsime anthu n'kukhala chete, ndinkati akunena ine, pamene mwina nkhani yawo inali itangotha. Tsiku lina ndinapita ku kantini masana, ndinapeza amuna anga akudya bonongwe wongofutsa, wopanda nsinjiro, wopanda chilichonse, m'kambale kamene ndinkakadziwa bwino kuti n'ka mlongo wawo. Mtima wanga unawira. Ndinati basi, ayamba kuopa mphika wanga.

Chomvetsa chisoni n'chakuti masiku amenewo anali akupeza bwino. Ankayenda wapansi kupita ku kantini, lamba anali atayamba kukhwepa, kupuma kunali kutabwerera m'malo. Maso anga sanaone kuchira. Anaona manyazi, kuti anthu aziti mkamwini akuonda chifukwa akuthawa ndiwo za mkazi wake.

Ndinaitana atsibweni anga, amene analinso ankhoswe athu. Ndinaphika nkhumba ija amuna anga ankaikonda, mchere ndinathira atsibweniwo akuona, ndi dzanja langa, mosanyenyerera. Ndinaika mbale patsogolo pa amuna anga n'kunena kuti asankhe, adye kapena anditchulire mwamuna amene akuti ndinayenda naye. Iwo anandiyang'ana modabwa. "Amake Lute, ine sindinakuganizirenipo choipa. Vuto ndi thupi langali." Atsibweni nawo anayesa kundiziziritsa mtima, anati mwina tiyambe tamvetsa za achipatalazo. Ine ndinakana kwamtuwagalu. "Ngati simundikayikira, idyani." Amuna anga anasamba m'manja, n'kudya zonse mpaka kunyambita msuzi. Ine ndinaona ngati ndapambana mlandu.

Kuchokera tsiku limenelo ndinkathira mchere ndi mafuta moposa kale, ngati ndikulumbira. Ndinkakhala pafupi kuonetsetsa kuti m'mbale simutsala kanthu. Akasiya kachidutswa ka mafuta, nkhope yanga inkasintha, iwo n'kukatola. Ndinaletsa a Nachisale kuponda ku kantini ndi kambale kawo. Kunena zoona amuna anga chakudyacho ankachikonda, sichinali chowavuta kumeza, ndipo zimenezo zinkanditonthoza. Thupi linabwerera, kuposanso poyamba. Kuyenda pansi anasiya chifukwa mapazi sankalola.

Nyengo yosankha fodya, m'mawa wina, anagwa mu kantini akutsitsa thumba la shuga. Mbali imodzi ya thupi inafa, pakamwa panakhota, mawu anatha. Tinawanyamula pa ngolo kupita kuchipatala chija. Mayi wina wothandiza adokotala anawazindikira, ndipo anandifunsa mwaulemu ngati bambowa sanandiuze zimene anawalangiza. Anandifotokozera kuti adokotala sananene kuti munthu asiye kudya zokoma. Anangoti nyama yonona izikhala ya apo ndi apo, masamba azichuluka, mchere ukhale wongokhudza, tiyi akhale wa shuga pang'ono. Zinali zinthu zoti ine, ndi luso langa lija, ndikanazitha mosavuta ndi tomato ndi anyezi za kudimba kwanga.

Panja ndinapeza a Nachisale atakhala pansi pa mtengo. Sanandilalatire. Anati, "Alamu, ine ndinkakukayikirani ndithu, sindikana. Koma nditangotchula za mdulo, alongo anga anandikalipira ngati mwana, anati ndisadzabwerezenso kunyoza mkazi wawo. Bonongwe uja anachita kundipempha, poopa kukukhumudwitsani." Ndiye kuti munthu yekhayo amene sanandikayikirepo m'nkhani yonseyi ndi amene ine ndinamuika pa mlandu.

Sanachire. Anamwalira m'chipatala momwemo, osatha kundiuza kalikonse, kungondigwira dzanja ndi mkono umene unatsala wamoyo. Pamaliro, amene anasambitsa thupi anaona mapazi otupa aja, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali ukunong'ona kuti mkaziyu anadula mwamuna wake, n'chifukwa chake ankakakamira mchere pamaso pa ankhoswe. Dzina limene ndinkaliteteza linaipa kotheratu, ndipo woti andiikire kumbuyo anali atagona m'bokosi.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mumanyadira mphika wanu, chakudya chokoma si tchimo, ndipo ine sindikuti muzidyetsa anthu zozizira ngati ali pachilango. Koma munthu wanu akabwera kuchipatala n'kunena kuti achepetse ichi ndi ichi, musayambe kufufuza amene wamutuma. Pitani naye limodzi, mukamve ndi makutu anu, mubwere mudzaphike mwanzeru kuti adye mokondwa koma thupi lisamulemere. Mbale yotsala ndi nyama si umboni woti chikondi chatha. Nanunso abambo, musameze chimene mukudziwa kuti chikukuphani pongofuna kuti pakhomo pakhale bata. Amuna anga anachita zimenezo chifukwa chondikonda, ndipo Lute anakula wopanda bambo.